Shampu wodula sameretsa tsitsi

Kutsogolo kwa botolo la shampu amalembako zomwe wogulitsa akufuna kuti mumve: mafuta a argan, keratin, uchi, mapeyala, ndi chithunzi cha mayi wa tsitsi lofika m'chiuno. Kumbuyo, m'tizilembo tating'onoting'ono tofuna kutsinzina diso limodzi, amalembako zomwe zilidi m'botolomo. Wogula shampu ku Chipata, kaya ndi mu Shoprite, kaya ku Down Shops, kaya pa kantemba ku msika wa Kapata, ayambe watembenuza botolo. Akatero adzapeza kuti botolo la mtengo wapakati ndi lija lodula kasanu amayamba ndi mawu amodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti pa shampu wa masiku onse, ndalama zambiri sizigula tsitsi labwino. Alipo malo ochepa pomwe kuumira kumabweretsa zilonda ndi dazi, koma chodabwitsa n'chakuti ambiri amaumira pomwepo kwinaku akumwaza makwacha pa fungo.

Opanga ambiri amalemba zosakaniza motsata kuchuluka kwake, chochuluka kwambiri poyamba, chochepa kumapeto. Zomwe sizikwana 1 peresenti amatha kuzilemba mmene afunira. Choyamba pamndandanda ndi madzi, olembedwa kuti Aqua, ndipo mu shampu wambiri madziwo amatenga magawo 7 kapena 8 mwa magawo 10. Chachiwiri ndi chotsukira chenicheni, kawirikawiri sodium laureth sulfate, nthawi zina sodium lauryl sulfate amene ndi waukali kuposa mnzakeyo. Chotsukirachi chimagwira mafuta mbali ina, madzi mbali ina, ndiye mukamatsukuluza litsiro limanyamuka. Chachitatu chimakonda kukhala cocamidopropyl betaine, wochepetsa ukali ndi kukometsa thovu. Kenako pamabwera sodium chloride, mchere womwe uja wa m'ndiwo, amene ntchito yake ndi kulimbitsa shampu kuti asakhale wamadzimadzi. Kunyezimira kuja koyererako kumachokera ku glycol distearate, ndipo ntchito yake ndi kukopa maso basi. Choncho shampu wolimba, wonyezimira, wa thovu lodzaza manja sindiye kuti ndi wamphamvu. Mchere ndi wotchipa.

Tsopano funani mafuta a argan aja ojambulidwa kutsogolo. Nthawi zambiri mudzawapeza kumunsi kwenikweni, pafupi ndi Parfum, kutanthauza fungo, ndi mankhwala oteteza kuti shampu asawonongeke, monga phenoxyethanol kapena sodium benzoate. Phenoxyethanol sapitirira 1 peresenti, ndiye chilichonse cholembedwa pambuyo pake sichingapose pamenepo. Tiwerengere limodzi. M'botolo la mamililita 400, 1 peresenti ndi mamililita 4, osadzaza n'komwe supuni ya tiyi. Pothira m'mutu kamodzi mumatenga mamililita 10 kapena kucheperapo. M'menemo mafuta a argan sapitirira madontho awiri, ndipo madontho awiriwo asakanizidwa ndi mankhwala omwe ntchito yawo ndi kuchotsa mafuta. Pakatha mphindi ziwiri, zonse zili m'beseni.

Pali china choyenera kuchimvetsa tisanafike pa mitengo. Tsitsi lomwe mumaligwira ndi kulipesa ndi lakufa, n'chifukwa chake wometa akamalidula simumva kuwawa. Gawo lamoyo ndi kamuzu kokwiririka m'khungu, ndipo chakudya chake chimabwera ndi magazi, osati ndi thovu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo palibe shampu wa pashelefu amene amasintha liwiro limeneli. Ambiri odandaula kuti tsitsi lawo silikula, likukula ndithu, koma likuduka kunsonga mofanana ndi mmene likumerera kumizu. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo pamalo aliwonse pomwe lapinda ndi pofooka. Mafuta achibadwa otuluka pakhungu la m'mutu savutika kutsika patsitsi lowongoka, koma palathu amathera panjira, nsonga n'kukhala zouma. Nsonga ikang'ambika pakati, mankhwala amangoimata kwa tsiku limodzi kapena awiri. Chochiza chake ndi sizasi.

Nanga ndalama zochulukazo zimagula chiyani? Zimagula botolo lokongola, fungo lopangidwa mwaluso, otsatsa malonda pa wailesi yakanema ndi pa Facebook, phindu la aliyense amene botololo ladutsa m'manja mwake, mtengo wa dola tsiku lomwe katunduyo analowa m'dziko, ulendo wa makilomita oposa 550 kuchoka ku Lusaka pa Great East Road, ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti pamwamba pa zonsezo. Dziwaninso kuti mayina ambiri pashelefu ndi a eni ochepa. L'Oréal ndi mwini wa Kérastase wogulitsidwa m'masaluni apamwamba, ndiponso wa Elvive ndi Dark and Lovely za m'masitolo wamba. Unilever ali ndi Sunsilk, TRESemmé ndi Dove. Procter & Gamble ali ndi Pantene ndi Head & Shoulders. Kampani yodziwa kupanga shampu wabwino wodula siiwala luso lake ikamapanga wotchipa.

Poyerekeza mitengo, musamayang'ane mtengo wa botolo, muziwerengera mtengo wa mamililita 100. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye titenge manambala ongoyerekeza. Botolo la mamililita 400 pa K80 ndi K20 pa mamililita 100. La mamililita 250 pa K300 ndi K120 pa muyeso womwewo. Munthu wa tsitsi lambiri wosamba m'mutu kamodzi pasabata, n'kumathira shampu kawiri, amagwiritsa ntchito mamililita 20 patsikulo. Pachaka, woyamba uja amawononga K208, wachiwiri K1,248. Kusiyana kwake kumaposa K1,000, ndalama yokwanira kondishona wabwino, chipeso cha mano otalikirana, duku ya satini yogonera, n'kutsalako ya saluni. Timapaketi tating'ono ta pa kantemba tiwerengereninso chimodzimodzi, chifukwa nthawi zambiri timaoneka totchipa koma pa mililita timadula kuposa botolo.

Ogwira ntchito m'masaluni adzatsutsa, ndipo ena mwa mawu awo ndi oona. Adzati shampu wodula safuna kuthira wambiri. Zimachitika ndithu, koma ngakhale mutathira theka, mu chitsanzo chathu chija wodula akadali wokwera katatu. Adzatinso ndi wofatsa patsitsi. Apa pali mfundo. Zotsukira zopanda sulfate, monga sodium cocoyl isethionate ndi decyl glucoside, zimadula kupanga, ndipo siziumitsa tsitsi kwambiri. Kwa munthu wa tsitsi lorilakisa, lopaka dayi, kapena wa khungu losachedwa kupsa mtima ndi chilichonse, kusiyana kumamveka m'manja. Koma masiku ano shampu wotereyu akupezekanso pamtengo wapakati, sizifuna botolo la pamwamba penipeni. Ndipo fungo ndi chinthu chokoma, amene akufuna kulilipira alipire, bola adziwe kuti akugula fungo.

Vuto la shampu wofatsayu kuno kwathu ndi lomwe otsatsa malonda salitchula. Mitu yathu yambiri imapakidwa Vaseline ndi mafuta olimba aja a m'timabotolo totakata kukamwa, omwe zosakaniza zake zoyamba ndi petrolatum ndi mineral oil. Onjezani jelo wogonetsera tsitsi la pamphumi, thukuta la mu Okutobala, ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala lomwe limamatirira pamafutawo. Shampu wopanda sulfate amalephera kuchotsa zonsezi. Mayi amagula botolo lodula, amasamba kawiri, tsitsi likauma n'kukhalabe lolemera, lomata, khungu likuyabwa, ndiye amaganiza kuti akufunika lina lodula koposa. Ayi. Wopaka mafuta olimba akufunika shampu wamba wa sulfate, kamodzi kapena kawiri pamwezi, kuti khungu lipume. Wofatsa uja akhale wa masabata apakati.

Madzi nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo shampu amanamiziridwa milandu yambiri yomwe ndi ya madzi. Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina amakhala ndi calcium ndi magnesium wambiri. Mudzawadziwa poona ketulo ikuchita zoyera zolimba pansi, kapena sopo akukana kutulutsa thovu. Sopo wamba, wosambira kapena wochapira zovala, akakumana ndi madzi otere amapanga zoterera zotuwa zomwe zimakakamira patsitsi. Komanso sopo ndi waukali wa mtundu wa chidulo kapena soda wophikira thelele. Pa muyeso wa pH, pomwe 7 ndi pakati, sopo amakhala pa 9 kapena 10, pamene khungu la m'mutu limakhala cha pa 5.5. Tsitsi lililonse linakutidwa ndi timamba tosanjikizana, ndipo ukali umenewu umatitukula, tsitsi n'kukhala lokakala, lokolana, losavuta kuduka. Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu kwenikweni: pakati pa sopo ndi shampu aliyense, osati pakati pa shampu wa K80 ndi wa K300. Abambo ometa mpala masabata awiri aliwonse angathe kupitiriza ndi sopo wosambira ngati khungu silikudandaula, tsitsi lawo silikhalitsa. Koma wosunga tsitsi asiye sopo, makamaka wochapira zovala. Okhala kodalira mjigo ayang'ane mawu akuti disodium EDTA kapena tetrasodium EDTA pamndandanda, chifukwa mankhwalawa amagwira calcium, ndipo amapezeka ngakhale m'mabotolo otchipa. Nthawi ya dzinja, madzi a mvula otungidwa mwaukhondo ndi abwino kutsukuluzira. Njira ina ndi supuni yaikulu imodzi ya viniga, mamililita 15, m'madzi okwana theka la lita, kuthira patsitsi mukamaliza kusamba, kudikira mphindi ziwiri, kenako kutsukuluza. Kamodzi kapena kawiri pamwezi n'kokwanira, ndipo musayerekeze pamutu pomwe pali zilonda.

Kasambidwe kake kamasintha zambiri kuposa dzina la botolo. Kwa tsitsi lathu, kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira, kupatula wogwira ntchito ya thukuta ndi fumbi. Masulani mfundo ndi zala tsitsi lisananyowe, ligaweni zigawo zinayi ngati ndi lalitali. Linyowetseni ndi madzi ofunda, osati otentha, mpaka lilowerere. Thirani supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri za shampu m'manja, tikitani, n'kupaka pakhungu osati pansonga. Tikitani ndi nsonga za zala, zikhadabo ayi. Ulendo woyamba thovu limachepa chifukwa shampu akulimbana ndi mafuta, ndiye musawonjezere, tsukuluzani n'kubwereza ndi wochepa. Thovu lotsetsereka pa nthawi yotsukuluza ndi lokwanira kutsuka nsonga. Kuunjika tsitsi lonse pamwamba pamutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa chitenje ndi komwe kumabweretsa mfundo zosamasuka. Tsukuluzani mpaka madzi ayere, chifukwa shampu wotsalira pakhungu amayabwa ndipo amauma n'kuoneka ngati mfundu.

Tsopano malo aja pomwe kuumira kumapweteka. Oyamba ndi tsiku lorilakisa. Rilakisa ndi mankhwala aukali kwambiri, pH yake imafika 12 mpaka 14. Wa m'masaluni nthawi zambiri ndi sodium hydroxide. Wa m'kabokosi wosakaniza nokha kunyumba amakhala calcium hydroxide ndi guanidine carbonate, ndipo ngakhale sawotcha khungu msanga, amasiya calcium patsitsi n'kuliumitsa. Mankhwalawa amathyola zomangira za m'kati mwa tsitsi kuti liwongoke, ndipo saleka kugwira ntchito chifukwa choti mwathira madzi. Chowaletsa ndi shampu wapadera wa asidi pang'ono, wolembedwa kuti neutralising shampoo. Ambiri mwa amenewa thovu lawo limasanduka la pinki likakumana ndi rilakisa wotsalira. Yang'anani bwino kunkhongo ndi kuseri kwa makutu, komwe pinkiyo imachedwa kutha. Choyenera ndi kutsukuluza ndi madzi ofunda kwa mphindi zisanu, kusamba ndi shampu ameneyu kawiri, katatu, kapena kupitirira, mpaka thovu liyere mbuu mutu wonse, ndipo thovu lomaliza likhale pamutu mphindi zingapo. Saluni yogwiritsa ntchito shampu wamba pamenepa pofuna kupulumutsa ndalama ikutumiza kasitomala kunyumba ndi mankhwala akudyabe tsitsi. Pakapita masabata awiri kapena atatu, tsitsi limayamba kudukira pachipeso, mwini wake n'kumaloza chala shampu wa kunyumba. Muli ndi ufulu wofunsa musanakhale pampando kuti, "Amayi, shampu woletsa mankhwala alipo? Ndimuoneko botolo lake." Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Ndipo rilakisa apakidwe pa tsitsi latsopano la kumizu lokha, pakadutsa masabata 8 mpaka 12, khungu litapakidwa Vaseline, nthawi yolembedwa pabokosi osapitirira. Kudikira kuti kuyambe kuwotcha ndiye mutsuke ndi kudikira chilonda.

Malo achiwiri ndi mfundu. Ambiri akaona zoyera zikugwera pamapewa amati khungu lauma, n'kupaka mafuta ochuluka. Nthawi zambiri zimakhala zosiyana. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala kafangasi kotchedwa Malassezia, komwe chakudya chake ndi mafuta. Kwa ena khungu limakwiya nako, limayabwa ndi kufundula msanga. Mafuta ena ochokera ku zomera, monga a olive, amakadyetsa, ndipo Vaseline amangomata zofundukazo pakhungu kuti zisaoneke. Pano shampu wa fungo, kaya adule bwanji, sathandiza. Chofunika ndi dzina la mankhwala ndi mphamvu yake: ketoconazole 2 peresenti, selenium sulfide 2.5 peresenti, zinc pyrithione 1 peresenti, kapena piroctone olamine. Mayiko a European Union analetsa zinc pyrithione m'zodzola kuyambira mu Malichi 2022, n'chifukwa chake mabotolo ena a dzina lomwe mwalizolowera tsopano alembedwa piroctone olamine. Ketoconazole amagulidwa ku famasi. Botolo lake ndi laling'ono ndipo pa mililita ndi lodula kuposa shampu wamba, koma iyi ndi ndalama yogwira ntchito. Ngakhale pamenepa dzina lotchuka silofunika: ketoconazole 2 peresenti wa kampani ina iliyonse, bola ndi wovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndi mankhwala omwewo.

Cholakwika chachikulu ndi changu. Munthu amapaka, amatikita, amatsukuluza nthawi yomweyo, pakatha mwezi n'kumati mankhwala ndi abodza. Ketoconazole amafuna kukhala pakhungu mphindi 3 mpaka 5, kawiri pasabata kwa masabata 2 mpaka 4, kenako kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri kuti mfundu isabwerere. Imabwerera ndithu mukasiyiratu, popeza kafangasiko sikachoka pathupi. Mashampu amenewa amaumitsa tsitsi lathu, ndiye gawani tsitsi mizeremizere, pakani pakhungu lokha, pomaliza pakani kondishona kunsonga. Selenium sulfide ali ndi kafungo ka sulfure, amatha kusintha mtundu wa tsitsi lopaka dayi, ndipo asapakidwe pazilonda kapena masiku oyandikana ndi rilakisa. Mwezi ukatha popanda kusintha, kapena ngati pali zigamba zochindikala zotuwa zofika pamphumi ndi kuseri kwa makutu, pitani ku kiliniki, mwina ndi nthenda ina ya khungu.

Kwa ana, nkhani ndi ina ndipo apa makolo amataya ndalama zambiri pachabe. Mwana wa sukulu akakhala ndi chigamba chozungulira pamutu, chotuwa, tsitsi litadukira pafupi ndi khungu, nthawi zina tikuoneka timadontho takuda pomwe ladukira, chimenecho ndi chipere. Fangasi wake ali m'kati mwa tsitsi ndi m'kamuzu, komwe shampu kapena mafuta opaka safika. Chochiza ndi mapiritsi kapena mankhwala akumwa, kawirikawiri griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, muyeso wake motsata kulemera kwa mwana, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Ameneyu alembe ndi wa zachipatala, osati kungogula. Shampu wa ketoconazole kapena selenium sulfide amangothandiza kuti mwana asapatsire anzake. Chipere chimayenda ndi makina ometera, zipeso, zipewa ndi mapilo, ndiye ana ena a m'nyumbamo awonedwenso, ndipo wometa atsuke makina ake asanagwire mutu wina. Chigamba chikatupa, n'kumatuluka mafinya, musachifinye kapena kuchicheka. Pitani kuchipatala msanga, chifukwa chikachedwa chimasiya chipsera pomwe tsitsi silidzameranso.

Malo achitatu ndi kondishona, amene ambiri amamudumpha kuti ndalama zikwanire shampu wodula. Kunena zoona, zikanakhala bwino atachita zosiyana. Shampu amachotsa, kondishona amasiya kanthu patsitsi. Pamndandanda wake funani cetearyl alcohol kapena cetyl alcohol, amene si mowa woumitsa koma mafuta olimba ofewetsa, pamodzi ndi behentrimonium chloride kapena cetrimonium chloride. Awiri omalizawa amakakamira makamaka pamalo owonongeka a tsitsi, amagoneka timamba tija, chipeso n'kumadutsa mosadula. Finyani madzi, pakani wochuluka kuposa shampu kuyambira pakati mpaka kunsonga, dikirani mphindi 3 mpaka 5, pesani kuyambira kunsonga kukwera kumizu ndi chipeso cha mano otalikirana, kenako tsukuluzani. Agogo athu ankadziwa ubwino wa kutererako, paja masamba a chewe ankawafikisa m'madzi n'kusambira m'mutu. Kondishona wosatsukuluza, amene amakhala patsitsi masiku angapo, ndiye woyenera kumuwonjezera kangachepe ngati thumba likulola, makamaka mu Juni ndi Julayi pomwe mphepo imaumitsa tsitsi. Koma naye ali ndi malire ake, mtengo wapakati umakwanira.

Musamve ngati ndikuti chotchipa chilichonse n'chabwino. Pansi pali malire. Shampu wothiridwa m'botolo la madzi akumwa, wopanda pepala, wopanda dzina la wopanga, simungadziwe ngati ndi shampu kapena sopo wotsukira mbale wothira utoto. Botolo la dzina lotchuka logulitsidwa theka la mtengo wake likaikireni, makamaka kuno kufupi ndi malire a Mwami komwe katundu amalowa ndi kutuluka m'njira zambiri. Onani ngati zilembo zili zosafufutika ndi zolembedwa molondola, ngati pali nambala ya batchi, adiresi ya wopanga, ndi chivindikiro chosatsegulidwa kale. Kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M kakutanthauza kuti mugwiritse ntchito m'miyezi 12 mutatsegula. Botolo lomwe lakhala padzuwa pa thebulo la msika kwa miyezi, zam'kati zitalekana madzi pamwamba zolimba pansi, kapena fungo litasintha, lisiyeni. Katundu wabodza mungathe kukamudandaula ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula.

Chigubu cha malita 5 cha ku saluni sichoipa ngati chili ndi pepala la wopanga, ndipo banja lalikulu lingapulumutse ndalama pogula chotere. Choipa ndi kuthiramo madzi n'kusunga. Mankhwala oteteza aja anayezedwa molingana ndi shampu wosasungunula, ndiye mukawonjezera madzi mphamvu yawo imachepa, tizilombo n'kuyamba kuswana m'botolo lofunda lomwe lakhala sabata yonse pasinki. Kusungunula n'kothandiza, makamaka potsuka mutu woluka: gawo limodzi la shampu, magawo atatu a madzi oyera, m'kabotolo ka kamwa yosongoka kuti mufike pakati pa mizere. Koma sakanizani wa tsiku lomwelo, wotsala mutaye.

Tsitsi lothothoka ndi lomwe limatumiza anthu ambiri kupashelefu yodula, pamene chifukwa chake sichikhala m'bafa. Mayi akabereka, pakapita miyezi 2 mpaka 4 tsitsi limathothoka kwambiri, ndipo kwa ambiri limabwerera lokha mwana asanakwanitse chaka kapena kupitirira pang'ono. Matenda aakulu, kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimachitanso chimodzimodzi, ndipo izi zimadziwika poyezetsa, osati posintha botolo. Koma chofala kwambiri ndi chija cha pamphumi ndi m'mbali mwa makutu, pomwe tsitsi limabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Chimenechi ndi kukoka: maluko othina, meshi yolemera yomangidwa pa titsitsi tochepa, guluu wa wigi, makamaka pa tsitsi lorilakisa kumene lomwe ndi lofooka kale. Zizindikiro zake zimaoneka tsiku loyamba: mutu kuwawa, kulephera kutafuna kapena kugona bwino, tiziphuphu toyera m'mphepete mwa maluko. Pamenepo musamwe panado n'kupirira, uzani woluka amasule mizere ya kutsogolo tsiku lomwelo. Kukoka kukalekeka msanga tsitsi limabwerera, koma khungu likafika posalala n'kumanyezimira, timizu tafa.

Maluko asapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo mutu upume sabata imodzi kapena ziwiri musanalukenso. Tsiku lomasula musadzidzimuke ndi mulu wa tsitsi pachipeso. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo m'maluko lilibe kogwera, limangodikira. Pa masabata 8 limenelo ndi tsitsi 2,800 mpaka 5,600 lotuluka nthawi imodzi. Lichotseni lonse ndi zala ndi kondishona pang'ono, luko limodzi limodzi, makamaka patsinde pomwe mafuta ndi fumbi zaundana, musanathire madzi ndi shampu. Mukanyowetsa musanapese, tsitsi lothothokalo limakulungana ndi lamoyo n'kupanga mfundo zomwe nthawi zambiri zimathera kudula.